Mpira Wanga Unakwera Ndithu

Ndodo ya gofu imeneyi ndinaigula nditachezera usiku wonse kuonera katswiri wa gofu Phil Mickelson pa YouTube. Mkulu ameneyu akakhala pafupi ndi green, kabwalo ka udzu wosalala komwe kuli dzenje ndi mbendera, amaukweza mpira tolotolo m'mwamba, n'kukatera pambali pa mbendera ngati nthenga, osagubuduzika n'komwe. Eni gofu amati flop shot. Kutacha ndinali nayo kale lob wedge ya madigiri 60, ndodo yopendama nkhope yokwezera mpira m'mwamba.

Alamu anga, omwe akalamba ndi ndodo ya mumchenga imodzi yomweyo, sand wedge ya madigiri 56, anaitembenuza uku ndi uku. "Alamu, ndodo iyi ndi ya anthu amene gofu imawadyetsa. Inu mukuifuniranji?"

"Muona lero lomwe," ndinatero. Paja kunena kwa ndithendithe Nanthambwe anadzitengera.

Mwayi unapezeka pa dzenje lachisanu ndi chiwiri. Mpira wanga unali mu udzu wowirira, kutsogolo kwanga dzenje la mchenga, mbendera ili chapafupi kuseri kwake. Malo oti mpira ugubuduzike panalibe. Mumtima ndinati, Phil, dzuka uone mwana wako.

Zonse ndinachita monga mwa kanema. Ndinayamba ndatsegula nkhope ya ndodo mpaka inayang'ana kumwamba, kenako ndiye kuigwira, chifukwa ukayamba kugwira manja amaibweza pomwe inali. Miyendo tang'a, mawondo opinda, mpira chakuphazi lakutsogolo, thupi lotsamira mwendo womwewo. Kenaka chovuta chija: kuzunguza ndodo mwamphamvu ngati ukumenya kutali, pomwe mbendera ili mamita 15 okha.

Chimene sindinachione n'chakuti mpirawo unali utakhala pamwamba pa udzu ngati dzira m'chisa. Ndodo inangodutsa kunsi kwake, fyuu! Ine ndinaima mokongola, ndodo paphewa, maso ku green.

"Wagwera pati, alamu?"

Asanayankhe, pha! pachipewa panga. Unakweradi mpira uja, ndipo unatera mofewa, koma pamutu pa mwini wake.

Alamu anakhala pansi ndi chikhakhali. Atapezako mpweya anati, "Musadandaule, kuyambira 2019 malamulo salanga munthu wodzigenda mwangozi. Menyani pomwe wagwerapo."

Tsoka lake unagwera pamalo pouma gwa, pomwe anthu amaponda akamatuluka mumchenga. Apa munthu wanzeru akanabweza ndodo m'chikwama. Kunsi kwa wedge kuli kamimba kamene amati bounce, kamene kamathandiza ndodo kutsetsereka mu udzu kapena mumchenga osakumba. Ukatsegula nkhope, kamimbako kamatsogola, ndipo panthaka youma kamangonjanja. Zimenezi ndinkazidziwa bwino, kungoti manyazi anali atanditseka makutu.

Ndinatsegulanso nkhope, n'kumenya ndi mkwiyo wonse. Ndodo inanjanja, mlomo wake n'kuumenya mpira pamimba penipeni. Tswaa! Sunakwere ngakhale kufika m'chiuno. Unadutsa mchenga, unadutsa mbendera, unadutsa green yonse ngati chipolopolo, kulunjika pomwe madala anayi ankayambira dzenje lotsatira.

"Fore!" anakuwa alamu, kuwachenjeza kuti mpira ukubwera. Ine mawu anali atandithawa.

Sindinkadziwa kuti munthu wa imvi angadumphe chotero. Atatu anadzigwetsa pansi, wachinayi anabisala kuseri kwa chikwama chake, ndipo m'chikwamamo ndi momwe tinamva kuti khoo!

Kunangoti zii. Alamu, omwe mpira wawo unalinso kuseri kwa mchenga womwewo, anatenga 56 yawo yakale ija, osatsegula chilichonse, n'kuuponya pakati pa green, kutali ndi mbendera koma pabwino. Sananene kanthu. Bola akanandinyoza.

Kenaka tinaona mdala wa chikwama uja akubwera pang'onopang'ono, mpira uli m'manja, udzu uli m'mawondo.

"Pepani abambo inu, mpira uwu ndi wa ndani?"

Ndinabisa ndodo kumbuyo, n'kuwayang'ana alamu mwachisoni kwambiri.

"Alamu, ndinakuuzani kuti ndodo imene ija si yanu."