Tomato wowola kunsi uja, mlandu unali wanga

Lero m'mawa ndathyola beseni loyamba la tomato wopanda banga ngakhale limodzi, ndiye ndati ndisanalowe m'zinthu zina ndikuuzeni anzanga za vuto lomwe linandisowetsa mtendere mwezi wa Seputembala.

Mabedi ndi anayi aja akuseri kwa nyumba kuno ku Area 25, awiri a tomato wa mtundu wa Tanya, awiri a Tengeru 97. Ndinawokera kumapeto kwa Julayi, mphepo ya mwera isanatheretu. Timitengo ndinazika, mphukira ndinkachotsa Loweruka lililonse, maluwa anachuluka zedi. Koma zipatso zoyamba zitangofika ngati dzira la nkhuku, ndinaona kunsi kwake, uko kumakhala duwa, kuli kabanga kooneka ngati konyowa. Patatha masiku anayi kabanga kaja kanada bii, kanaphwa n'kulowa mkati, kouma ngati chikopa. Pamwamba tomato wosalala bwinobwino, ukamutembenuza, mtima kuwawa.

Ine nzeru zinathamangira ku chiwawu. Musandiseke, paja mu Januwale chiwawu chinandipsereza bedi lonse m'sabata imodzi, moti mpaka pano ndikaona banga lililonse ndimayamba ndafufuza pomwe pali sipuleya. Ndinapopera Dithane kawiri. Palibe chinasintha. Ndinayamba kung'amba zipatso ndi mpeni kufuna mbozi, ndimvekere mwina ndi Tuta absoluta uja anatisautsa zaka zapitazi, koma munalibe timabowo ndipo masamba analibe tinjira toyera tija. Masamba anali obiriwira moti ukanalumbira kuti mbewu ili pabwino. Masiku khumi ndi awiri ndinataya chonchi, ndi zipatso zoposa makumi anayi zomwe ndinaponya kudzala.

Anandimasula ndi agogo ena oyandikana nafe, amene analima dimba zaka zambiri kwawo ku Ntcheu. Sanayang'ane n'komwe masamba. Anagwada, kulowetsa chala m'nthaka mpaka chonse, kuchitulutsa chili mbuu.

"Mwanawe, mumathirira liti?"

"Madzi akabwera, agogo."

Anangoseka. Zoona zake n'zakuti madzi apampopi ankabwera mwa apo ndi apo. Ndinkatha masiku awiri, nthawi zina atatu, osathirira, ndiye akabwera ndinkabwezera, makeni khumi pa bedi limodzi mpaka matope. Lero chilala, mawa chigumula. Mbewu imakoka mchere wotchedwa kashiyamu m'nthaka pamodzi ndi madzi, ndipo kukatentha masamba ndi amene amalanda madzi ambiri. Nthaka ikauma, nsonga ya chipatso, yomwe ili kutali ndi phesi, ndiyo imamanidwa, minofu yake n'kufa. Si matenda, sapatsirana, ndipo palibe mankhwala opopera bowa amene angathandize. Choipa china, ndinali nditathira urea wodzaza chitsekero cha botolo pa phando lililonse pofuna masamba okongola. Ndinangowonjezera masamba olimbirana madzi ndi zipatso.

Tanya ndiye anavulala kwambiri, Tengeru pang'ono chabe. Tomato wautali ngati Tanya amagwidwa msanga kusiyana ndi woburungira. Komabe sindimusiya, chifukwa ukamuika pa mbale m'khitchini amatha sabata ndi masiku osafewa.

Zomwe ndinachita n'zosavuta mpaka manyazi. Ndinagula mgolo wakale wa malita 200 kuti madzi akabwera usiku ndizisunga. Makeni atatu pa bedi m'mawa uliwonse dzuwa lisanakwere, osadumphitsa tsiku, osawonjeza. Ndinaphimbira ndi udzu wouma wokhuthala ngati chikhatho, kusiya mpata pang'ono patsinde kuopa chiswe ndi kuwola. Urea ndinasiya. Zipatso zonse zamabanga ndinathothola, poti chowola sichibwerera. Mlamu wanga anati ndisinje makoko a mazira n'kuthira, ndipo ndinathiradi kuti asakhumudwe, koma makoko amatenga miyezi kuti asungunuke, sangapulumutse tomato wa sabata ino. Chomwe chinagwira ntchito ndi madzi ndi udzu basi. Zipatso zomwe zinabereka pambuyo pake ndi zimene zili m'beseni leromu.

Mbande za Tengeru zija ndinagula kwa mayi wina wa pa Lizulu ndikuchokera ku Blantyre. Amakulunga mizu m'nyuzipepala yonyowa ndi dothi lake lomwe, ndipo pa mbande makumi atatu inafa imodzi yokha. Akakuona kuti ndiwe wokonda dimba amakuikira ndi za anyezi zapulayizi. Ndikadzadutsanso ndikufuna ndikamufunse za kabichi.

Panopa maso ali kumwamba. Chizimalupsa chinagwa kale, ndipo mvula yeniyeni ikayamba chiwawu chenicheni chibwera, osati chongoganizira chija. Ndikulingalira zomanga kadenga ka pulasitiki pamwamba pa mabedi awiri, kuika mabotolo a malita asanu oboola pansi pa tsinde lililonse, komanso kuyesa manyowa a Mbeya, poti madeya ndi phulusa zilipo ndipo ndowe za nkhuku ndalonjezedwa. Akazi anga akuti ndiyambe ndakonza kaye chitseko cha mpanda chomwe mbuzi za eni zinathyola mu Juni.