Zimene ndinaphunzira poika mababu a LED m'nyali za galimoto yanga

Usiku woyamba nditaika mababu a LED m'nyali zakutsogolo za galimoto yanga, ndinayenda mtunda waufupi chabe, koma madalaivala atatu amene ndinakumana nawo anandiyatsira fulu motsatizana, chonsecho ine ndinali pa dimu. Ndinaima pambali pa msewu, ndinatuluka n'kukaima patali pang'ono kutsogolo kwa galimotoyo, kenako ndinawerama kuti maso anga akhale pa msinkhu wa munthu amene wakhala pampando wa galimoto yaing'ono. Zimene ndinaona zinandiopsa, chifukwa kuwalako kunandithobwa m'maso moti sindinathe kuona ngakhale m'mphepete mwa msewu. Pakanakhala munthu woyenda pansi kapena wapanjinga chapafupi ndi galimoto yangayo, dalaivala wochokera kutsogolo sakanamuona. M'mawa mwake ndinabwezeretsa mababu akale a halogen, amene amawala ndi kawaya kotentha, ndipo panapita milungu ingapo ndikufufuza chimene chinalakwika ndisanayesenso.

Cholakwa changa choyamba chinali m'kaganizidwe. Ndinkayesa kuti babu likawala kwambiri ndiye kuti msewu uoneka bwino, osadziwa kuti kumene kuwala kukagwere kumasankhidwa ndi nyali yonse, makamaka mbale yonyezimira ya kumbuyo kwa babu, imene amakaniko amaitcha rifulekita. Babu la halogen la mtundu wa H7 limadya mawati 55 ndipo limatulutsa kuwala kwa ma lumen 1,500 (lumen ndi muyezo wa kuchuluka kwa kuwala), koma kuwala konseko kumachokera pa kawaya kopotana ka chitsulo cha tungsten kotalika pafupifupi mamilimita 4 okha. Amene anakonza rifulekita anawerengera kuti kawayako kadzakhala pamalo amodzi enieni, ndipo kachigawo kalikonse ka mbaleyo anakapendeka kuti kalandire kuwala kochokera pamalo amenewo n'kukuponya kumene kukufunika, kwina patali, kwina m'mbali mwa msewu, koma osati m'maso mwa amene akubwera. Gwero la kuwala likasuntha ngakhale ndi milimita imodzi yokha, kuponya konseko kumasokonekera, ndipo kuwala kumene kumayenera kugwera pansi kumakwera m'mwamba.

Apa ndi pamene pagona vuto la LED. Kawaya ka halogen kamawala mozungulira mbali zonse, pamene babu la LED lili ndi timatchipi, tizidutswa tophwatalala totulutsa kuwala, tomatidwa uku ndi uku pa kathabwa kachitsulo, ndipo tchipi chilichonse chimawalitsa mbali imodzi yokha. Kathabwako kakakhala kochindikala, timatchipi timatalikirana, ndiye rifulekita imalandira kuwala kochokera malo awiri m'malo mwa malo amodzi amene inakonzedwera. Timatchipi tikakhala tatikulu kuposa kawaya ka halogen, kapena tikakhala kutsogolo kapena kumbuyo pang'ono, zotsatira zake ndi zomwezo. N'chifukwa chake masiku ano ndisanaike babu lililonse la LED ndimaligoneka patebulo pafupi ndi la halogen, matsinde awo atalingana bwino, n'kuona ngati timatchipi tayang'anizana ndi kawaya, kutalika kwake ndi malo ake omwe. Zikasiyana moonekera ndi maso, babulo sindiliika, ngakhale bokosi lake litalonjeza zotani.

Mtundu wa nyali nawonso uli ndi mbali yake. Nyali ya pulojekita, imene imadziwika ndi galasi lozungulira ngati diso, ili ndi kachitsulo m'kati kamene kamatchinga kuwala kokwera m'mwamba, motero imabisa zolakwa zina za babu ndipo kawirikawiri imatulutsabe mzere wodulika bwino wolekanitsa kuwala ndi mdima. Nyali ya rifulekita yokha ilibe chotchinga chotero, ndipo ndiyo imene imathobwa anthu kwambiri ikalandira babu losayenera. Yanga ndi ya rifulekita.

Za manambala a pabokosi sindichulukitsa mawu. Ogulitsa ambiri amalemba ma lumen ochuluka zedi, koma manambalawo sanena kuti ndi kuwala kochuluka bwanji kumene kukafike pa phula mamita 50 kutsogolo, komwe ndiko kofunika kwa woyendetsa. Choyenera kutsimikiza ndi mtundu wa tsinde, kaya ndi H1, H4, H7, H11, 9005 kapena 9006, chifukwa mitundu imeneyi silowana m'malo, ndipo dzina lake limalembedwa pa tsinde la babu lakale komanso m'buku la galimoto. Kuwala kwa halogen kumakhala kwachikasu pang'ono, pafupifupi 3,200 K (K ndi muyezo wa mtundu wa kuwala), pamene mababu ambiri a LED amatulutsa kuwala koyera kopendekera ku buluu, pakati pa 6,000 K ndi 6,500 K. Kuyera kumeneku kumanyenga maso, chifukwa munthu amaona ngati waonjezera kuwala pamene wangosintha mtundu wake, ndipo ine ndaona kuti mvula ikamagwa kapena kukakhala nkhungu, kuwala koyera kwambiri kumanditopetsa maso msanga kuposa kwachikasu.

Kuika kwenikweni si ntchito yovuta, koma pali chinthu chimodzi choyenera kuchita musanatsegule n'komwe boneti, chimene ine sindinachite ulendo woyamba. Imikani galimoto moyang'ana khoma mababu akale adakali momwemo, yatsani dimu, ndipo matani tepi pakhomapo motsatira mzere umene kuwala kwathera. Mzere umenewu ndiwo udzakhale mboni yanu pambuyo pake. Mukatero zimitsani nyali ndi injini, dikirani kuti mababu azizire chifukwa halogen imatentha koopsa, chotsani chivindikiro chotchinga fumbi, solorani pulagi, masulani kilipi kapena potolozani babu malinga ndi mtundu wake. Galasi la babu la halogen musaligwire ndi zala, popeza mafuta a pakhungu amachititsa kuti lipse msanga. Lisungeni bwino m'galimoto, lidzakuthandizani tsiku limene LED idzazime panjira. Mababu ambiri a LED a H7 ndi H4 ali ndi mphete yochotseka, ndipo njira yosavuta ndi kuyamba mwakhazika mpheteyo pamalo pake n'kuimanga ndi kilipi, kenako n'kulowetsa thupi la babu. Sinthani nyali imodzi yokha poyamba, kuti muthe kuyerekeza yatsopano ndi yakale pakhoma lomwelo.

Chimene chinandipweteketsa ine chinali kayang'anidwe ka timatchipi. Pa nyali zambiri, tchipi chimodzi chiyenera kuyang'ana kumanzere ndipo china kumanja, monga pamene pali 9 koloko ndi 3 koloko pa wotchi, kathabwa kataima chilili. Mababu anga ndinawaika mmene anatulukira m'bokosi, ndipo nditadzasuzumira kudzera pagalasi lakutsogolo ndinapeza kuti kathabwa kanali katapendekeka kwambiri, tchipi chimodzi chikuloza chakumwamba, china chakunsi. Chifukwa chake n'chakuti bowo la babu pa nyali zina silikhala mowongoka, motero babu limene likuoneka lolunjika m'manja limapendekeka likalowa. Muyezo woona ndi nthaka, osati tsinde la babu. Opanga ambiri amasiya mpata woti thupi la babu lizungulire m'kati mwa mphete, ndipo pamakhala kabawuti kakang'ono kolimangira likafika pamalo oyenera. Kabawuti kameneka kamangeni ndithu, chifukwa kugwedezeka kwa msewu kumalitembenuza pang'onopang'ono. Pa H4, limene limagwira ntchito ya dimu ndi fulu pa babu limodzi, pali chinanso choyang'ana. Mu halogen ya H4 kawaya ka dimu kali ndi kachitsulo kunsi kwake, kamene kamachititsa kuti kuwala kupite ku theka la kumwamba la rifulekita, limene limakuponyera pansi pamsewu. Babu la LED la H4 lili ndi totchinga totengera kachitsulo komweko, ndipo tiyenera kukhala kunsi kwa timatchipi ta dimu. Likaikidwa mozondoka, dimu imawalitsa mitengo ndi nkhope za anthu.

Anthu ambiri amakhulupirira kuti LED situlutsa kutentha, koma zoona zake n'zakuti kutentha kwake kumatulukira kumbuyo, ndipo tchipi chikatentha mopitirira chimachepetsa kuwala n'kufa msanga. N'chifukwa chake mababuwa ali ndi kafani kapena zitsulo zomwaza kutentha ku tsinde kwake, zimene nthawi zina zimalepheretsa chivindikiro cha fumbi kutsekeka. Ndaonapo eni galimoto akungochisiya chivindikirocho, koma zimenezi zimalowetsa fumbi ndi chinyezi m'nyali, ndipo rifulekita ikathimbirira sibwereranso mwakale, popeza kunyezimira kwake ndi kopyapyala kwambiri moti ngakhale kupukuta ndi nsalu kumakukanda. Ndi bwino kufuna chivindikiro chakuya, kapena babu lalifupi lolingana ndi msinkhu wa halogen. Mawaya ndi kabokosi koyendetsa magetsi a babu la LED muzimangirire kutali ndi kafani ndi ziwalo zotentha za injini.

Babu likakana kuyaka musafulumire kulitaya, chifukwa mababu ena a LED amafuna kuti magetsi alowe mbali imodzi yokha, ndipo kutembenuza pulagi kumathetsa nkhaniyo. Pa galimoto zamakono zimene kompyuta yake imayang'anira mababu, LED imadya magetsi ochepa moti kompyutayo imayesa kuti babu lapsa, ndiye imaonetsa chenjezo pa dashibodi kapena nyali imaphethiraphethira. Mankhwala ake ndi kachipangizo kotchedwa CAN bus decoder. Ena amaika resistor wamba, kachipangizo kamene kamadya magetsi owonjezera, koma imeneyi imatentha kwambiri ndipo iyenera kumangidwa pachitsulo, osati papulasitiki.

Tsopano kulunjikitsa, ntchito imene ndimaiona kuti ndi yaikulu kuposa zonse zimene ndafotokozazi. Pamafunika malo athyathyathya, khoma loongoka, tepi ndi choyezera, ndipo kunja kukhale kutada. Matayala akhale ndi mpweya wokwanira, katundu wolemera achotsedwe kumbuyo, pampando wa dalaivala pakhale munthu kapena cholemera pafupifupi makilogalamu 75, ndipo ngati galimoto ili ndi kagudumu kokwezera ndi kutsitsira nyali pa dashibodi, kaikeni pa 0. Yezani kuchokera pansi kufika pakati pa nyali, lembani msinkhu womwewo pakhoma, lembaninso mizere yoimirira yosonyeza pakati pa galimoto ndi pakati pa nyali iliyonse, kenako bwererani m'mbuyo molunjika mpaka nyali zitalikirane ndi khoma mamita 10. Pa thupi la nyali zambiri zopangidwa motsata malamulo a ku Ulaya pamadindidwa nambala monga 1.0% kapena 1.2%, imene imanena kupendekera kwa dimu. Pa 1.0%, mzere wa kuwala uyenera kutsika masentimita 10 pa mamita 10, motero ngati pakati pa nyali pali masentimita 65 kuchokera pansi, mzerewo ukhale pa masentimita 55 pakhoma. Pochita zimenezi phimbani nyali imodzi ndi katoni, ndipo inayo muisinthe ndi timabawuti take tiwiri, kena kokweza ndi kutsitsa, kena kopititsa kumanzere ndi kumanja.

Manambala amenewa ndi aang'ono pakhoma koma pamsewu amakula. Nyali ya msinkhu wa masentimita 65 yopendekera 1.0% imafikitsa mzere wake pansi pa mtunda wa mamita 65. Mukaitsitsa kufika 2.0% poopa kuthobwa anzanu, mtundawo umatsala pafupifupi mamita 32, chonsecho galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imadutsa mamita 22 pa sekondi imodzi. Mukaikweza ndi masentimita 10 okha pakhoma, mzerewo sugwanso pansi mpang'ono pomwe, umangopita m'maso mwa aliyense amene ali kutsogolo. Onaninso pamene mzere umathyokera n'kukwera mopendekera, pafupifupi madigiri 15 pa nyali zambiri zakale: kukwerako kuyenera kukhala mbali ya m'mphepete mwa msewu, kumanzere m'maiko oyendetsa kumanzere ndi kumanja m'maiko oyendetsa kumanja, ndipo pothyokerapo pakhale pa mzere woimirira wa nyaliyo. Ngati pamwamba pa mzere pali mabala a kuwala kapena chifunga chowala chimene halogen inalibe, timabawuti sitingachotse zimenezo, chifukwa vuto lili pa babu.

Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, ndipo ndi bwino kufunsa a m'dziko lanu musanawononge ndalama. Ku Germany boma linavomereza koyamba babu la LED lolowa m'malo mwa H7 mu 2020, lopangidwa ndi Osram, koma chilolezocho chimagwira pa mitundu ya galimoto imene nyali zake zinayesedwa ndi babulo, osati pa galimoto iliyonse. Ku Britain, kuyambira mu 2021, galimoto imene nyali zake za halogen zaikidwa mababu a LED imalephera mayeso a MOT, oona ngati galimoto ili yoyenera kuyenda pamsewu, kupatula zimene zinayamba kuyenda 1 Epulo 1986 isanafike. Njira ya ku Germany imagwirizana ndi zimene khoma linandionetsa, zakuti babu limayesedwa pamodzi ndi nyali imene lilowemo.

Nditaongola timatchipi ndi kulunjikitsa bwino, nyali za galimoto yanga zinatulutsa mzere wodulika wogwera pa tepi imene halogen inasiya, ndipo nditaweramanso kutsogolo kwake ndinatha kuona msewu wonse. Patapita mlungu ndinabwereranso pakhoma kukaona ngati china chasuntha, ndipo ndimatero nthawi iliyonse ndikasintha matayala kapena mashoko. Pa galimoto yachiwiri imene ndinayesapo, yakale, magalasi ake atachita chikasu, mababu amitundu iwiri a LED onse anamwaza kuwala pamwamba pa mzere ngakhale ndinawatembenuza mosamala. Imeneyo ndinaikwecha magalasi mpaka anayera, ndinaiikira mababu atsopano a halogen, n'kuilunjikitsa pa 1.2% monga zinadindidwira pa nyali zake.