USS Pueblo: sitima yaukazitape yomwe inagwidwa pamodzi ndi zinsinsi zake

Kwa asilikali a ku Cobbe Barracks kuno ku Zomba ndi onse osunga zikalata zachinsinsi, nkhani ya USS Pueblo ili ndi funso limodzi: mdani atakuzingani, zikalatazo mungaziwononge mu nthawi yotalika bwanji?

Pueblo inali sitima yonyamula katundu yomwe asilikali apamadzi a America anaiikamo makina omvetsera mawayilesi a adani. Pa 23 Januwale 1968 ili kufupi ndi doko la Wonsan ku North Korea, maboti ankhondo a North Korea ndi ndege ziwiri za MiG anaizinga. North Korea inati sitimayo yalowa m'madzi ake, omwe amafika pa makilomita pafupifupi 22 kuchoka kumtunda. America inakana.

Kuthawa kunali kosatheka. Liwiro lake silinkapitirira makilomita 24 pa ola, ngati wakabaza wa njinga yakapalasa amene wachita khama. Mfuti ziwiri zachiwaya zinali zofunditsidwa malona omwe anauma gwaa ndi madzi oundana, ndipo zinali poyera, moti wopita kukazivundukula akanaomberedwa asanaigwire mfuti.

Vuto lalikulu linali mapepala. Sitimayo inasenza milumilu ya zikalata zachinsinsi, koma ng'anjo yootchera inali yaing'ono, makina ong'ambira mapepala anali ochedwa. Mapepala othithikana sapsa msanga: moto umanyambita m'mphepete, pakati n'kutsala powerengeka. Anthu anayatsa moto m'mabini, utsi n'kudzaza m'makonde. Kutaya matumba m'nyanja sikunali kodalirika chifukwa pamalopo mposazama kwenikweni, mdani akanatha kuvuula. Makina obisa mauthenga anawaphwanya ndi nkhwangwa ndi nyundo, koma zitsulo zake zinali zolimba. Mkulu wa sitimayo, Lloyd Bucher, anaiimitsa dala kuti anthu ake apeze mpata, a Korea n'kuombera, ndipo mmodzi wa asilikali a m'sitimayo, Duane Hodges, anafa. Sitimayo inagwidwa pamodzi ndi makina obisa mauthenga monga KW-7. Choipitsitsa, nthawi yomweyo msilikali wa America John Walker anali akugulitsa ku Soviet Union manambala otsegulira makina oterowo.

Anthu 82 otsalawo anakhala m'ndende miyezi 11, akumenyedwa ndi kusowa chakudya chokwanira. Bucher anasainira chikalata chovomera ukazitape atauzidwa kuti anthu ake aphedwa iye akuona. Pa zithunzi zomwe ankawajambula, akaidiwo ankaimika chala chapakati, n'kunamiza alonda kuti ndi chizindikiro cha mwayi cha ku Hawaii. Magazini ya Time itaulula kuti chizindikirocho n'chotukwana, anamenyedwa koopsa kwa sabata yathunthu mu Disembala.

Anamasulidwa pa 23 Disembala 1968 ku Panmunjom, pamalire a North Korea ndi South Korea, mkulu wa asilikali Gilbert Woodward atasaina chipepeso m'malo mwa America, chomwe anachikana pakamwa asanasaine. Akuluakulu ofufuza anafuna kuti Bucher aimbidwe mlandu, koma nduna yoona za asilikali apamadzi, John Chafee, inakana. Ine ndikuona kuti olakwa kwambiri anali omwe anadzaza sitimayo mapepala osaipatsa zowonongera. Pueblo ikadali ku Pyongyang, komwe alendo amakaiona.