Mbiri ya moyo wanga, gawo 11: Mapepala okana mzikiti

Gawo lapitali ndinalekezera pomwe ndinasiya zokweza katundu ku Fordsburg nkupeza ntchito ya m'gadeni kumayadi, kumpoto kwa Johannesburg. Lero tifike mu 2016, chaka chomwe ntchito imeneyi inatsala pang'ono kundithera chifukwa cha mzikiti, ine mkhristu wa CCAP wobatizidwira ku Balaka.

Kuti mundimvetse ndiyambe ndi kwathu. Bambo anga anali a mpingo, mayi anabadwira m'banja la Chisilamu cha ku Ulongwe nkudzalowa mpingo atakwatiwa, ndiye ife tinakula Khirisimasi mpunga kunyumba, Idi mpunga kwa anganga. Nkhuku kwathu sitinkangozinga ayi, tinkaitana Msilamu adzazinge kuti abale a mayi akabwera asadye mokayika, ndipo palibe ankaona chachilendo. Nditafika ku Joni mu 2007 amene anandichingamira pa Park Station ndi amalume, mlongo wawo wa mayi, telala wa ku Mayfair, dera la mu Johannesburg lokhala Asilamu ambiri, munthu wosaphonya swala. Mu Meyi 2008 zipolowe zothamangitsa alendo zitayamba ku Alexandra nkufalikira, anthu 62 nkuphedwa, ine ndinathawa kumene ndinkachita lendi ndi chikwama chokha, ndipo amalume ananditengera ku chipinda china cha madrasa komwe kunali kale anthu a ku Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe atangoyala mabulangete pansi. Tinadya, tinagona, palibe anandifunsa kuti umapemphera kuti. Baibulo langa linali pamutu pomwepo aliyense akuliona.

Ndiye mu 2016 muja, mumsewu womwe ndinkagwira ntchito munali nyumba ina yapakona yomwe Asilamu a m'deralo anagula. Tsiku lina pageti pake panamatidwa chidziwitso choti apempha ku khonsolo kuti nyumbayo isinthidwe ikhale yopemphereramo. Kuno ndi momwe zimayendera, sungangodzuka nkusandutsa nyumba yogonamo kukhala tchalitchi kapena mzikiti, umapempha chilolezo, amamata pepala, ndipo oyandikana nawo amapatsidwa masiku oti alembe ngati ali ndi dandaulo. Lamulolo ine ndilibe nalo vuto, ndi labwino ndithu.

Koma abale inu, fumbi lomwe linabuka. Gulupu ya WhatsApp ya m'deralo inkangolira usiku ndi usana, ine ndinkamvera kwa adona poti ankakonda kuyankhula pafoni ali pakhonde ine ndikudulira maluwa. Adonawo sindikufuna kuwanamizira, anali munthu wabwino, ankandilipira pa nthawi yake, mwana wanga atadwala kumudzi anandithandiza. Nkhawa yawo inali pakingi, akuti Lachisanu masana magalimoto adzatseka mageti, komanso azana ya m'bandakucha idzawadzutsa. Zimenezo ndinkazimvetsa, amene anadutsapo ku Mayfair Lachisanu cha m'ma 1 koloko akudziwa mmene msewu umadzadzira. Koma bwana ndi anzawo ena nkhani yawo inali ina. Iwo ankakamba za Paris ndi Brussels, poti kunali kutangophulika mabomba, amvekere lero mzikiti mawa zigawenga, manyumba athu atsika mtengo, dera lathu latha. Nthawi yomweyonso ku Valhalla, cha ku Pretoria, anthu ankachita zionetsero kukana mzikiti pamalo omwe khonsolo ya Tshwane inapereka, ndiye zimenezi zinawapatsa mangolomera.

Mmawa wina adona anandipatsa mulu wa mapepala kuti ndikaponye m'mabokosi a makalata nyumba ndi nyumba, ndikamaliza ndiyende ndi chikalata anthu azisayina. Ndinawerenga pepala limodzi. Za pakingi zinali pansi penipeni, pamwamba panali chithunzi cha anthu obisa nkhope atanyamula mfuti. Mtima unandiwawa kwabasi chifukwa ena mwa anthu omwe amati ndi zigawengawo ndinkawadziwa, ndi anyamata a ku Mangochi ndi Machinga omwe ankagwira ntchito m'magadeni ndi m'makhichini a mumsewu momwemo, amene Lachisanu ankapempha ola limodzi nkuthamanga kukakwera teksi kuti apeze swala kutali, kubwerako atachedwa nkudzakalipiridwa. Mzikiti wapakonawo ukanapepuza iwowa kuposa wina aliyense.

Ndinabweza mapepalawo. Ndinawauza adona mwaulemu kuti ntchito ina iliyonse ndigwira koma iyi sindingathe, amalume anga ndi Msilamu, agogo anga anaikidwa m'manda mwa Chisilamu, ndipo tsiku lomwe anthu ankatisaka ndi zikwanje amene ananditsegulira chitseko ndi anthu omwewa. Anangoti kukamwa yasa, sankadziwa kuti ku Malawi kuli Asilamu, iwo ankayesa ndi Amwenye ndi Aluya okha. Ndinawafotokozera kuti kwathu Chisilamu chinafika kalekale kudzera ku Nkhotakota ndi kwa Ayao, kuti tinakhalapo ndi pulezidenti wa Chisilamu, a Bakili Muluzi, kuyambira 1994 mpaka 2004, matchalitchi osatsekedwa ndi limodzi lomwe, komanso kuti Idi yomaliza Ramadani ndi tchuthi cha dziko lonse. Bwana atamva madzulo anakwiya, akuti wantchito sasankha ntchito, ndipo masiku otsatirawo moni wanga sankayankha. Mapepalawo anagawa munthu wina.

Chomwe chinandipweteka kwambiri si bwana ayi, koma kutchalitchi kwathu. Lamulungu nditafotokoza nkhaniyi tikumwa tiyi, mkulu wina wa mpingo, Mmalawi mnzathu, anati achimwene mwalakwitsa, anthu amenewa cholinga chawo nkudzaza mizikiti paliponse, mwaiwala zomwe anachita ku Mangochi mu 2003? Sindinaiwale ayi. Chaka chimenecho anthu asanu akunja atagwidwa nkutulutsidwa m'dziko powaganizira za al-Qaeda, gulu la anthu olusa linaphwanya matchalitchi ku Mangochi, zinali zoipa ndipo sindingaziikire kumbuyo. Komanso kwathu zokangana sizinathe, taonani ya hijabu m'masukulu a mishoni yomwe inadzavuta ku Balaka komweko mu 2019 mpaka a PAC, bungwe la zipembedzo zosiyanasiyana lija, kulowererapo nkudzagwirizanitsa mbali ziwirizi mu 2021. Koma ndinawafunsa akuluwo kuti nanga ife tikupempherera pati? Tinkachita lendi shopu yakale, kiyibodi ndi masipika mpaka m'mwamba, mapemphero a usiku wonse kamodzi pamwezi, kuseri kwake kuli mafulati odzadza Asomali ndi Apakistani. Anabwerapo kamodzi mkulu wina wa ndevu kudzapempha kuti ikakwana 10 koloko tizitsitsako poti ana amalawirira kusukulu, basi, sanayende ndi chikalata choti tichoke. Ndiye ife alendo, oti mawa lomweli akhoza kutiuza kuti mapepala anu atha kazipitani, tiyambe kuthandiza anthu kusankha woyenera kupemphera mumsewu mwawo? Chaona mnzako chapita mawa chili pa iwe, ndinawauza choncho, ena anagwedeza mutu ena anangoti zii.

Amalume nditawauza sanatekeseke nkomwe, ali pamakina awo anangoti mphwanga, mawa usapite kulikonse ndikakuonetse malo. Ananditengera ku Pageview, komwe anthu amati Fietas, pafupi pomwepo ndi Mayfair. Anandionetsa mabwalo opanda kanthu pomwe panali nyumba ndi mashopu a Amwenye, boma la tsankho litagwiritsa ntchito lamulo la Group Areas Act la 1950 kuwasamutsira ku Lenasia, kutali kummwera, amalonda nkuwaunjika ku chimsika cha mashopu cha Oriental Plaza. Nyumba anagumula koma mizikiti inatsala chiimire. Amvekere waona, mizikiti yakale ili komwe anthu anachotsedwa, pano tsankho linatha anthu akugula nyumba komwe kale ankaletsedwa, ndiye akufuna popempherera pafupi, nkhani yonse ndi imeneyi basi. Tinadutsanso ku Newtown pa mzikiti wa Hamidia pomwe mu 1908 Gandhi, Mhindu, anatsogolera anthu kuwotcha ziphaso zawo. Apa ndi pomwe ndinaona kuti amene amati Chisilamu changobwera kumene mu Johannesburg sadziwa mbiri ya tauni yawo yomwe.

Tsiku lina ndinadzapitanso ndekha ku Midrand kukaona mzikiti waukulu wa Nizamiye, uja umaonekera pa msewu wa N1, womwe anamanga munthu wa bizinesi wa ku Turkey nkutsegulidwa mu 2012. Pali sukulu, kiliniki, mashopu, ndipo aliyense amalowa bola uvule nsapato. Ndinalowa ndi mtanda wanga m'khosi.

Msonkhano wa anthu a m'dera unachitikira mu holo ya sukulu, ine ndinapita kukathandiza kuyala mipando ndiye ndinamva zonse ndili kumbuyo. Poyamba kunali kukuwizana. Kenako dokotala wina wa Chisilamu wokhala mumsewu momwemo anaimirira nkunena modekha kuti sadzaika chimkuzamawu panja, azana izidzamvekera mkati, Lachisanu adzaika anyamata ovala majekete owala oyang'anira kuti geti la munthu lisatsekedwe, ndipo adzagumula mpanda wakumbuyo kuti magalimoto azilowa m'yadi. Apa ndinaona anthu akugawika pawiri. Amene vuto lawo linalidi phokoso ndi pakingi anayamba kufunsa mafunso enieni, ndi anthu angati, nthawi zanji, nanga mwezi wa Ramadani usiku. Ena aja chilichonse chomwe ankauzidwa yankho linali lomwelo, sitikuufuna basi. Agogo ena achizungu anawakumbutsa kuti malamulo a dziko lino a 1996, gawo 15, amapatsa aliyense ufulu wopembedza, ndipo tchalitchi cha kumunsi kwa msewu chimaliza belu Lamulungu lililonse popanda wodandaula. Nkhani ya azana inadzafika mpaka kukhoti kwina, ku Isipingo cha ku Durban, komwe mu 2020 woweruza analamula kuti isamamveke kunyumba ya munthu yemwe anadandaula, koma khoti la apilo linadzagwetsa chigamulocho mu 2022.

Pa nkhani ya mumsewu mwathu muja khonsolo inatenga nthawi yaitali, madandaulo analowa, anthu anayankha, mapeto ake chilolezo chinatuluka ndi mfundo zake zija za pakingi ndi phokoso. Bwana sanasinthe maganizo mpaka pomwe ndinachoka panyumbapo. Adona anachotsa dzina lawo pachikalata, ndipo ndi iwo anandiikira kumbuyo kuti ndisachotsedwe ntchito. Anyamata a ku Mangochi aja anayamba kungoyenda wapansi Lachisanu nkubwerera pantchito nthawi yabwino. Mmodzi mwa iwo ndi amene anadzandilumikiza ndi kontirakitala yemwe anandiphunzitsa zoyala mapevingi, ndipo gawo lotsatira tiyambira pamenepo, ndi mmene ndinasiyira za m'gadeni.