Mzere umodzi wa mdp unandidyera masabata awiri

Ndamaliza dzulo usiku, koma mtima sunakhale pansi. Ntchito yake inali yooneka yaing'ono: kupeza pa kompyuta free energy (kusintha kwa mphamvu komwe kumaonetsa ngati chinthu chingachitike chokha) ya molekyulu imodzi ya methane ikalowa m'madzi. Yankho limadziwika kale, ndi pafupifupi 2 kcal/mol. Ndinkangofuna kuona ngati njira yanga ikugwira ndisanakhudze mamolekyulu akuluakulu.

Mumazimitsa methane uja pang'onopang'ono ali m'madzimo, lambda, nambala yosonyeza pomwe kuzimitsako kwafika, ikuyenda kuchoka pa 0 kufika pa 1. Ine ndinaika mawindo 20, kutanthauza simulation yakeyake pa lambda iliyonse, mu GROMACS, pulogalamu yoyerekezera kayendedwe ka mamolekyulu. Musayese kudumpha kamodzi ndi fomula ya Zwanzig ya 1954, imagwira pokhapokha ngati mbali ziwirizo, poyambira ndi pothera, zikufanana kwambiri.

Chomwe chinandipsetsa mtima ndi ichi. Ndinatumiza mawindo onse pa cluster (makompyuta ambiri ogwira ntchito limodzi), ndinadikira pamzere masiku anayi, kenako anathamanga masiku atatu. Nditayamba kuwerengera ndi MBAR, njira yophatikiza mawindo onse kuti mupeze free energy, pulogalamu inakana. Chifukwa? Mu mdp, fayilo ya malangizo a GROMACS, muli mzere wa calc-lambda-neighbors, ndipo ukapanda kuukhudza umakhala pa 1. Windo lililonse linalemba mphamvu za oyandikana nalo okha, pomwe MBAR imafuna za mawindo onse. Pamafunika -1. Basi, kachizindikiro kamodzi! Ndipo pofuna kusunga malo pa disiki sindinasunge trajectory (fayilo ya kayendedwe ka maatomu) yokwanira, ndiye rerun, kuwerengeranso mphamvu kuchokera m'fayiloyo, sikanandithandiza. Ndinabwerera kumapeto kwa mzere ngati mlendo.

Inde, gmx bar, chida cha GROMACS chowerengera free energy, inandipatsa nambala tsiku lomwelo, chifukwa njira ya Bennett ya 1976 imangofuna oyandikana. Koma aphunzitsi anga ankafuna overlap matrix, tebulo loonetsa mmene mawindo akufananirana, ndipo sankalakwa. Nditaiona, pakati pa mawindo awiri a kumapeto panali pafupifupi mbee, ndinachita kuwonjezerapo ena atatu.

Ndaiwala kunena, ulendo woyamba weniweni unafera pa soft-core, njira yofewetsa kukankhana kwa maatomu akayandikana kwambiri. Popanda sc-alpha, mzere wa mdp woyatsa soft-core, methane akatsala pang'ono kuzimiririka madzi amamukwera pamwamba, mphamvu n'kukwera mopanda malire, simulation n'kufa. Ikani 0.5. Ndipo zimitsani ma charge kaye, van der Waals (kukokana ndi kukankhana kwa maatomu oyandikana) pambuyo.

Thamangitsani windo limodzi mphindi zisanu, tsegulani dhdl.xvg, fayilo yomwe windo limalembamo mphamvu, werengani mizati. Ikakhala yochepa, musatumize chilichonse. Onaninso -1 uja, ndikunenetsa.

Yankho langa linasiyana ndi lodziwikalo ndi zosakwana kT imodzi (muyeso wa mphamvu ya kutentha), yomwe pa 300 K ndi pafupifupi 0.6 kcal/mol. Ethanol ndiyamba Lolemba.