Tinapita ku Omaha tisakudziwa n'komwe malamulo a baseball

Nditamva mu Okutobala 2025 kuti timu yaikulu ya baseball ya San Francisco Giants yalemba ntchito Tony Vitello, ndinaponya uthenga pagulu lathu la WhatsApp kuti kochi uja wa timu ya koleji ya Tennessee, anyamata ovala olenji, wakwera. Aliyense anakumbukira, ndiye ndati ndilembe za ulendowo.

Tinalipo 12, ophunzira a ku Africa okhala ku Lincoln, m'chigawo cha Nebraska, Amalawife atatu. Lachisanu pa 14 Juni 2024 tinapanikizana m'galimoto ziwiri kulowera ku Omaha, ulendo wa ola limodzi, kukaonera College World Series. Uwu ndi mpikisano wa matimu 8 a makoleji omwe apulumuka m'ndime zonse, ndipo wakhala ukuchitikira mumzindawu kuyambira 1950.

Wotitsogolera anali bambo wina, kochi wothandizira pa koleji ina yaing'ono. Asanatitengere ku bwalo la Charles Schwab Field, anatiimitsa poimika magalimoto pa malo osungira nyama a Henry Doorly Zoo. Ife kudabwa. Kani m'pamene panali Rosenblatt, bwalo lakale lomwe linkachititsa mpikisanowu mpaka 2010. Bamboyo anavula chipewa ngati wafika pamanda.

Apo m'pomwe anatiuza za moyo wake. Anasewerapo ali pa koleji, koma matimu akuluakulu sanamuyang'ane. Anayamba ukochi mongodzipereka, zaka zinayi popanda malipiro. Ntchito yake inali kusalaza dothi la pabwalo, kukoka chitenti mvula ikamabwera, kuponyera anyamata mipira mpaka phewa kuphwanya. Ndalama ya lendi ankaipeza pophunzitsa ana pa tchuthi cha chilimwe. Sizinali nkhanza za abwana ake ayi: mpaka 2023 lamulo la NCAA, bungwe loyendetsa masewero a m'makoleji, linkalola matimu a gawo lapamwamba la Division I kulipira othandizira awiri okha, wachitatu ankangokhalira chiyembekezo. Ndinakumbuka makochi a mpira kwathu, ogulira anyamata madzi ndi ndalama ya m'thumba mwawo. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno pali makwerero ooneka, ngakhale ambiri amatsakamira pakati.

Vitello naye anayamba choncho ku koleji ya Missouri mu 2003. Kenako makoleji a TCU ku Texas ndi Arkansas, zaka 15 akuthandizira ena ndi kusakasaka osewera m'masukulu, asanapatsidwe timu ya Tennessee. Tsikulo ankakumana ndi Florida State, ndipo wotitsogolera sanathe kutchula timuyi osanena za Mike Martin, yemwe anali atamwalira mu Febuluwale chaka chomwecho. Martin anaitsogolera kuyambira 1980 mpaka 2019, anapambana masewero 2,029, anafika ku Omaha maulendo 17, koma chikho sanachigwirepo. Ine mpaka lero sindidziwa ngati ndimumvere chisoni kapena kaduka.

Za masewero enieniwo, theka ndinkangowomba m'manja ena akawomba. Chakudya cha pabwalo n'chodula mopanda manyazi, bola tinadyeratu. Pofika chigawo chomaliza Tennessee inali kumbuyo 11 kwa 8, ndipo anzathu ena anayamba kutolera zikwama kuti tithawe mdipiti wa magalimoto. Bamboyo anangoti tikhale pansi, baseball ilibe wotchi. Tennessee inagoletsa zinayi n'kupambana 12 kwa 11. Bwalo linagwedezeka, mayi wina wovala olenji kuyambira kumutu anandikumbatira osandidziwa. Patatha masiku 10 timuyi inatenga chikho pogonjetsa Texas A&M.

Mkati mwa phokoso lija ndinacheukira wotitsogolera. Anali chikhalire, kabuku pabondo, akulemba ndi pensulo mipira yomwe woponya wa Florida State anaponya. Pobwerera sanakwere nafe. Anati m'mamawa ali ndi ulendo wa ku Iowa, kukaona mnyamata wa zaka 17 yemwe akuti ali ndi mkono wabwino.