Mankhwala a m'chigubu

Kwathu ndi kufupi ndi Mtenguleni, koma ntchito ndimagwira m'shopu ya zipangizo zomangira ku Down Shops, muno mu Chipata. Ntchito yake ndi yokhala pampando, kulemba malisiti ndi kukuwira anyamata kuti akweze simenti. Pambali pa mpandowo abwana anaikapo firiji ya masofti ogulitsa kwa makasitomala, ndipo kasitomala wake wamkulu ndinali ine. Botolo lina m'mawa lotsitsira vitumbuwa, lina masana, lina poweruka loti ndisafike kunyumba kukhosi kuli gwa. Mimba inayamba kutsogola, ine pambuyo.

Amalume anabwera mu Disembala ndi nkhani yoti chaka chotsatira ndikavine nawo ngoma pa Nc'wala, mwambo wa pachaka wa Angoni wochitikira ku Mtenguleni, poti gulu la kumudzi kwathu likuchepa amuna. Amene sanafikeko adziwe kuti pa Nc'wala sipavalidwa jekete. Mwamuna amavala zikopa, chibonga ndi chishango m'manja, mimba ili pamtetete, pamaso pa Nkosi ya Makosi Mpezeni ndi makamera onse a dziko. Amalume anandizungulira kawiri osalankhula, kenako anati, "Makolo ako anawoloka Zambezi mu 1835 wapansi. Iwe phiri la Kanjala lomweli ungalikwere?" Ndinati ndingalikwere. Anapukusa mutu n'kupita kukakwera basi.

Amake Tiza anaitenga nkhaniyo ndi manja awiri. Anandikokera kukiliniki, kumene anesi atandipima anafunsa zimene ndimamwa. Ndinati madzi. Amake Tiza anatsokomola. Anesi anatenga botolo lopanda kanthu la 500 ml, kundiwerengera zolembedwa kumbuyo kwake: shuga magalamu 53. Kenako anatulutsa shuga weniweni n'kuyamba kutapa ndi kasupuni ka tiyi kuthira m'sosala, akuwerenga mokweza, mpaka 13. Anati a WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, amalangiza kuti munthu wamkulu asamapitirire masupuni pafupifupi 12 pa tsiku lonse, kuphatikiza wa mutiyi ndi wa muphala, ndipo ndi bwino koposa akakhala 6. Anawonjezera kuti vuto la shuga wakumwa ndi loti sakhutitsa, nsima umadyabe mitanda yako yonse ngati sunalawe kanthu.

Ndinayesa kudziteteza. Ndinati shuga wa mu Zambia amathiramo vitamini A kuyambira 1998, boma lenilenilo linalamula, ndiye ine ndikungosamalira maso. Anesi anati maso anga akuoneka bwino kwambiri, koma lamba ndiye akulira.

Lamulo linakhazikitsidwa tsiku lomwelo: softi ayi, tiyi wopanda shuga, kuntchito wapansi. Masiku oyamba ndinapirira ndithu, mutu ukuwawa, ndikukalipira anyamata a simenti popanda chifukwa. Firiji ija imalira pambali panga tsiku lonse, ndipo munthu akagula n'kutsegula botolo pomwepo, kaphokoso kaja ka "tsss" kamandilowa mpaka m'mafupa. Boma linaika msonkho wa ngwee 30 pa lita ya zakumwa zotere mu 2019. Ngati anaganiza kuti ngwee 30 ingaletse munthu wonga ine, ndiye kuti sanakhalepo pafupi ndi firiji mwezi wa Januwale dzuwa litatuluka pakati pa mvula.

Nzeru inabwera Lachisanu. Ndinagula chigubu chakale cha malita awiri ku Saturday Market, ndinachitsuka bwinobwino, ndinathiramo softi wakuda uja, n'kuponyamo timasamba tiwiri ta nimu kuti tiziyandama pamwamba. Kunyumba ndinati ndi mankhwala ochepetsa thupi ochokera kwa mkulu wina wa zitsamba wa ku Chadiza, owawa koopsa, ndipo mkazi akalawa amamera ndevu. Ndinkamwa pakhonde, kapu yodzaza, nkhope nditaikwinya, ndikubuula. Amake Tiza ankandimvera chisoni mpaka kundisisita kumsana. Kutchalitchi anauza anzawo a chigwirizano kuti atate ake Tiza ndi munthu wolimba mtima. Sikelo yokha ya mnyamata wa pamsika wa Kapata ndi imene inakana kulowa m'chiwembucho. Ndikakwerapo ankandiuza kuti nditsitse chikwama, chikhalirecho chikwama ndilibe.

Kenako apongozi anabwera kuchokera ku Katete. Miyendo inali kuwavuta, ndipo mwana wawo anali atawauza kale pafoni za mankhwala odabwitsa a mkamwini. Tsiku limenelo chigubu ndinali nditapita nacho kuntchito kukachidzaza, "kukatenga ena kwa asing'anga". Foni inalira madzulo: "Atate ake Tiza, fulumirani, amai afika, akufuna alaweko mankhwala aja." Ndinakumbutsa za ndevu. Anati amai anena kuti pa msinkhu wawo ndevu sizikuwaopsanso, zina zayamba kale.

Ndikanatha kutaya chigubucho m'ngalande n'kunena kuti asing'anga anapita kumaliro. Maganizo amenewo anandifikira mawa lake. Pa nthawiyo ndinangoona kuti malita awiri ndi ndalama, ndipo ndinadziuza kuti apongozi ndikawathirira pang'ono chabe, ndikufinyira nimu wambiri m'kapu mwawo. Ndinakwera njinga ya hayala, chigubu ndachifungatira pamimba. Msewu wa ku Mchini nthawi ya mvula mumaudziwa. Mnyamata wa njingayo sanaphonye dzenje ngakhale limodzi, ndipo pa chitunda anandipempha mwaulemu kuti nditsike tikankhe, "bwana, mwalemerako pang'ono". Pofika pakhomo chigubu chinali chitatupa, cholimba gwa, chofunda.

Tsono mwambo wathu ndi apongozi ndi wodziwika. Suwayang'ana m'maso, sukhala nawo pafupi, mawu amadutsira kwa mkazi wako. Iwo anakhala pamphasa m'chipinda chochezera, atafunda chitenje chatsopano, nkhope atalozetsa kukhoma. Ine ndinagwada chapatali pafupi ndi chitseko, kuwomba m'manja, kupereka moni kudzera kwa amake Tiza. Moni unabwerera. Kenako amake Tiza anaika kapu patsogolo panga.

Ndinapotoza chivindikiro pang'onopang'ono. Chinati "tsss". Amake Tiza anakweza nsidze, poti kaphokoso kameneko amakadziwa kuyambira tili pachibwenzi. Ndinati mankhwala akupuma. Ndinapotozanso kachiwiri, ndipo chivindikiro chinandithawa m'manja n'kukamenya malata. Thovu linatumphuka ngati paipi ya madzi yaphulika pamsewu, ndipo chifukwa choti ulemu unandiletsa kuyang'ana kumene kunali apongozi, sindinaone kuti kukamwa kwa chigubu ndalozetsa komweko. Ndinayesa kutseka ndi chala chachikulu, zimene zinangowonjezera mphamvu ndi mtunda. Linafika pa kalendala, pa chithunzi cha ukwati, pa duku la apongozi. Tsamba limodzi la nimu linakamatirira pachipumi pawo.

M'nyumba munangoti zii, kupatula thovu limene linali kuthetheka pasimenti. Tiza ndi mng'ono wake anatulukira kukhitchini, ndipo wamng'onoyo anaviika chala pansi n'kunyambita. "Amama, mankhwala a adadi ndi softi!" Mwana ameneyu sukulu ikumuvuta, koma apa anakhoza msanga.

Apongozi sanatembenuke. Anachotsa tsamba lija pachipumi, analiyang'ana, ananyambita milomo, kenako analankhula kwa mwana wawo ndi mawu odekha. "Uwauze atate ake Tiza kuti sing'anga wawoyu ndimamudziwa. Ngakhale ku Katete ali ndi nthambi, pa siteji pomwe." Amake Tiza anatembenukira kwa ine, ngakhale ndinali nditamva ndekha, n'kubwereza uthengawo liwu ndi liwu, monga mwa mwambo. Ine ndinawomba m'manja n'kuyankha kuti uthenga wafika.

Kuyambira m'mawa mwake chigubu chija chinayamba kugwira ntchito imene ndinachilembera. Amake Tiza ankawiritsa nimu weniweni, wothyola kuseri kwa nyumba, n'kundiimirira mpaka kapu ithe. Anesi atamva anaseka mpaka kugwira tebulo, kenako anati nimu sasungunula mafuta a munthu, tisiye, chofunika ndi madzi, kuchepetsa nsima ndi kuyenda. Amake Tiza anati akudziwa, nimuyo si wa mafuta, ndi wa bodza. Loweruka lililonse ankandiperekeza ku Kanjala, iwo kutsogolo, ine pambuyo ndikuwerenga miyala. Kushopu anakalankhula ndi abwana, firiji inasamukira kukhomo, pafupi ndi mlonda amene amapemphera nawo tchalitchi chimodzi.

Pofika Loweruka lomaliza la Febuluwale, tsiku la Nc'wala, lamba anali atabwerera bowo limodzi. Amalume anandizunguliranso, anati zikopa zikwana akalumikiza ziwiri, ndipo anandiika mzere wachitatu, kumbuyo kwa anyamata ataliatali a ku Feni. Ndinavina ndithu, fumbi koboo, ngakhale pa TV panaoneka chibonga changa chokha.

Pa Isitala tinakonza zopita ku Katete. Usiku woti tinyamuka mawa, amake Tiza analandira foni, anamvetsera nthawi yaitali, kenako anabwera kudzaima pakhomo la kuchipinda manja ali m'chiuno. "Amai akuti miyendo yayambanso. Akuti muwatengereko mankhwala aja, koma a olenji, ndipo akhale ozizira."